Tisanakangane za chimwemwe cha Amalawi, tidziwe funso lomwe anafunsidwa

A Mkonzi,

Chaka chilichonse cha m'ma 20 March, lipoti la World Happiness Report likangotuluka, timamva pa wayilesi ndi m'manyuzipepala kuti Malawi ali m'gulu la mayiko osasangalala kwambiri. Mu lipoti la 2025 tinali pa nambala 144 mwa mayiko 147. Finland inali pamwamba kachisanu ndi chitatu motsatizana, ndipo Afghanistan inali kumapeto. Ena akamva amapsa mtima, amati olembawo sanaonepo mmene timavinira pa chinkhoswe. Ena amangogwedeza mutu, n'kunena kuti n'zoona, tavutika. Ife amene ntchito yathu ndi kafukufuku wa moyo wa anthu tikuona kuti mbali zonse ziwiri zikulimbana pa chinthu chomwe sizinachione, chomwe ndi funso lenilenilo.

Funsoli ndi limodzi lokha, ndipo linachokera kwa katswiri wa ku America, Hadley Cantril, mu 1965. Munthu amauzidwa kuti aganizire makwerero okhala ndi manambala kuyambira 0 pansi mpaka 10 pamwamba. Pamwambapo ndi moyo wabwino koposa womwe iyeyo angakhale nawo, pansipo ndi moyo woipitsitsa. Kenako amafunsidwa kuti pakadali pano waima pati. Bungwe la Gallup limafunsa anthu pafupifupi 1,000 m'dziko lililonse pachaka, ndipo olemba lipotili amaphatikiza mayankho a zaka zitatu n'kutenga avereji. Ya Finland imakhala cha m'ma 7.7, yathu ili pakati pa 3 ndi 4.

Onani bwino, munthu safunsidwa ngati amaseka. Mayi wogulitsa mandasi pa depoti angathe kuseka ndi anzake tsiku lonse, koma mukamufunsa kuti ayerekeze moyo wake ndi womwe amaulakalaka, amakumbuka denga lodontha, fizi ya mwana wa Fomu 3 ndi mtengo wa thumba la feteleza, n'kuyankha kuti 3. Sananame pamene amaseka, ndipo sananame pamene amayankha. Za kuseka zili ndi mafunso akeake mu kafukufuku yemweyo, monga loti kodi dzulo munamwetulira kapena kuseka kwambiri, koma mafunso amenewo salowa pa mndandanda wa mayiko womwe umafika pa tsamba loyamba.

Palinso cholakwika china chomwe chimabwerezedwa chaka ndi chaka. Nkhani zambiri zimati nambalayi imawerengedwa kuchokera ku zinthu zisanu ndi chimodzi: chuma cha dziko pa munthu aliyense, kukhala ndi womudalira pa mavuto, zaka zokhala ndi thanzi, ufulu wosankha zochita, kupatsa, ndi katangale. Ayi. Zinthuzi amazigwiritsa ntchito pambuyo pake pofuna kufotokoza chifukwa chomwe mayiko akusiyanira. Nambalayo imachokera pakamwa pa ofunsidwa basi. Ndipo poti ndi anthu ochepa oimira mamiliyoni, mayiko oyandikana pa mndandanda kawirikawiri sasiyana kwenikweni. Kukwera kapena kutsika ndi malo atatu si nkhani. Nkhani ndi yoti takhala pansi zaka zambiri zotsatizana.

Tsopano tifike pamene zinthu zimasokonekera, chifukwa funso looneka lophwekali ndi losalimba ngati dzira.

Choyamba ndi malo ake pa pepala la mafunso. Katswiri wa zachuma Angus Deaton anasanthula mayankho omwe Gallup inkatolera tsiku ndi tsiku ku America pa nthawi ya mavuto a zachuma a 2008 ndi 2009. Anapeza kuti anthu akayamba afunsidwa za ndale, nambala yawo ya pa makwerero inkatsika pafupifupi mofanana ndi mmene imatsikira munthu akachotsedwa ntchito. Moyo wawo sunasinthe, anangowakumbutsa andale. Ataikapo funso lina pakati lowabwezera maganizo ku moyo wawo, kutsikako kunachepa kwambiri. N'chifukwa chake funso la makwerero liyenera kukhala koyambirira. Wofunsa amene watha ola lathunthu akuwerengetsa banja mbuzi zomwe zinafa ndi masiku omwe anagona ndi njala, kenako n'kufunsa za moyo wonse, wadziphikira yekha yankho.

Chachiwiri ndi chilankhulo, ndipo apa mpamene ife eni Chichewa tiyenera kulankhula mokweza. Chimwemwe, chisangalalo, kukhutira, mtendere wa mumtima ndi kukhala bwino si chinthu chimodzi. Mukati "moyo wabwino", wina amamva za thanzi, wina amamva za nyumba ya malata ndi njinga yamoto. Mukati "kukhutira", wina amaganiza za m'mimba. Agogo amene adzukulu awo onse ali moyo ndipo sakukangana ndi aliyense m'mudzi angakuuzeni kuti ali pa mtendere, pomwe nkhokwe ili mbee. Liwu limodzi likasintha pakati pa chaka chino ndi chamawa, kapena pakati pa pepala la Chichewa ndi la Chitumbuka, manambalawo sangayerekezedwenso. Njira yodziwika yopewera izi ndi yoti mmodzi amasulire, wina amene sanaone pepala loyambalo abwezere ku Chingerezi, kenako mafunsowo ayesedwe kwa anthu angapo a kumudzi, aliyense akufunsidwa kuti anene m'mawu akeake zomwe wamva. Gawo lomalizali ndi lomwe limadumphidwa ndalama zikachepa, pomwe ndi lofunika kuposa onse.

Nyengo nayonso imalowerera. Banja lomwelo mukalifunsa mu February, chimanga chatha ndipo onse ali ku ganyu, silingayankhe ngati mu May dzungu ndi mtedza zili mbwee pakhomo. Kafukufuku wochitika mwezi umodzi wokha amajambula mweziwo.

Ndiye pali nkhani ya amene akumvetsera. Galimoto yachilendo ikaima pa bwalo la amfumu, anthu otsika atanyamula matabuleti, mudzi wonse umaganiza kuti akulemba mayina a thandizo. Ndani anganene 7 pamenepo? Mbali inanso, mayi amene akufunsidwa pakhonde mwamuna wake ali chapafupi akusema mpini, kapena apongozi akusenda nyemba pambali, sanganene 2. Kwathu kuno munthu wodwala mutu waukulu amayankhabe kuti "ndili bwino, kaya inu". Wofunsa ayenera kunena poyambirira penipeni kuti mayankho sabweretsa kapena kuchotsa thandizo lililonse, akhale ndi wofunsidwayo pamalo poti ena sakumva, ndipo alembe ngati panali munthu wina pafupi.

Komabe zofookazi si chifukwa chotayira kafukufukuyu kudzala. Pali zinthu zomwe zapezeka mobwerezabwereza, ndipo zina zapezeka kuno komwe.

Ndalama zimathandiza, makamaka kwa wosauka. Zomwe ofufuza apeza m'mayiko ambiri n'zakuti nambala ya pa makwerero imakwera molingana nthawi iliyonse yomwe ndalama za munthu zawirikiza kawiri. Tanthauzo lake n'lakuti K20,000 yowonjezera imasintha moyo wa wopeza K20,000 pamwezi, koma kwa wolandira mamiliyoni siimveka n'komwe. Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006, anaunikidwa ku Salima ndi ku Mangochi poyerekeza midzi yomwe inayamba kulandira ndi yomwe inali kudikira, ndipo osamalira mabanja olandira ankanena kuti moyo wawo wakhalako bwino ndipo anali ndi chiyembekezo chochuluka cha m'tsogolo. Amene amati wosauka ndi wosangalala kale, asamusokoneze ndi ndalama, alibe umboni.

Kafukufuku wa ku Zomba ndi amene tikufuna okonza mapologalamu amuwerenge mofatsa. Mu 2008 ndi 2009 atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 pamodzi ndi makolo awo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Ofufuza Sarah Baird, Jacobus de Hoop ndi Berk Özler anapeza kuti nkhawa ndi kuvutika maganizo zinachepa pakati pa atsikana a pasukulu omwe ankalandira. Koma panatuluka zinthu zitatu zomwe sizitchulidwa kawirikawiri. Ndalama zitasiya, phindulo linazilala. Pamene ndalama zopita kwa makolo zinali zambiri ndipo zinkadalira kuti mtsikanayo asajombe kusukulu, phindulo linkachepa, ndipo n'zosavuta kumvetsa: mwana wa zaka 15 wasenzetsedwa chakudya cha banja lonse. Chachitatu, atsikana a m'madera omwewo amene sanasankhidwe anayamba kuvutika maganizo kuposa anzawo a m'madera momwe simunalowe ndalama. Ku Kenya, ofufuza ndalama zomwe bungwe la GiveDirectly limapereka kwa osauka anaonanso zofanana kwa anthu osalandira omwe amakhala pafupi ndi olandirawo. Munthu amayeza moyo wake poyang'ana khomo la mnzake, ndipo wosankha mabanja khumi m'mudzi wa mabanja zana ayenera kuwerengeranso mitima ya otsalawo.

Za ubale ndi anthu tingonena mwachidule. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Harvard yemwe anayamba mu 1938 n'kutsatira amuna 724 moyo wawo wonse anapeza kuti omwe anali ndi maubwenzi olimba anakalamba ndi thanzi komanso okondwa. Anali amuna a ku America okhaokha, choncho tisamukokere patali. Chapafupi ndi ife ndi Friendship Bench ya Dixon Chibanda ku Zimbabwe, komwe agogo aakazi ophunzitsidwa amacheza ndi ovutika maganizo pa benchi kunja kwa chipatala maulendo asanu ndi limodzi, ndipo zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2016 zinaonetsa kuti njirayi imachepetsadi matendawa.

Pempho lathu likupita ku ofesi ya National Statistical Office ku Zomba ndi ku masukulu athu a ukachenjede. Kafukufuku wa mabanja wa Integrated Household Survey amafika m'mabanja oposa 11,000, m'maboma onse, ndipo amayenda chaka chathunthu, kutanthauza kuti amagwira nyengo ya njala ndi ya zokolola zomwe. Ali kale ndi funso la masitepe asanu ndi limodzi, pomwe banja limanena pamene laima pakati pa osaukitsitsa ndi olemera. Funso limenelo limayeza chuma. Pambali pake paikidwe la makwerero a 0 mpaka 10, pamodzi ndi mafunso ochepa a dzulo, okhudza kuseka, nkhawa ndi chisoni, ndi limodzi la mtendere wa mumtima m'mawu athu. Afunsidwe koyambirira, kwa mwamuna payekha ndi mkazi payekha, osati mutu wa banja kuyankhira onse, ndipo mawu ake asasinthidwe kuchoka pa kafukufuku uyu kufika pa wotsatira.

Kwa amene manambala amawavuta, njira ilipo kale. Kafukufuku wa Malawi Longitudinal Study of Families and Health, yemwe wakhala akutsatira mabanja ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuyambira 1998, amapatsa munthu nyemba khumi kuti aike m'mbale zochuluka molingana ndi mmene akuonera kuti chinthu chingachitike. Njira yomweyo ndi yoyenera kuyesedwa pa funso la moyo: theka la ofunsidwa aonetsedwe chithunzi cha makwerero, theka lina apatsidwe nyemba, kenako tiyerekeze mayankho. Zotsatira zitulutsidwe boma ndi boma, mwezi ndi mwezi, amuna ndi akazi padera, kuti khonsolo ya Nsanje ione mmene anthu ake amayankhira mu February poyerekeza ndi a ku Ntchisi.

Ofufuza za moyo wa anthu,
Zomba