Kalata kwa Mlembi Wamkulu wa Lutheran World Federation: Kiyi Wachinayi Ali ndi Yani?

Kwa Abusa Dr. Anne Burghardt,
Mlembi Wamkulu wa Lutheran World Federation,
Geneva.

Olemekezeka Abusa,

Landirani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ine ndine msungichuma pampingo wina waung'ono wa Lutheran, mmodzi mwa anthu aja amene amatsalira mapemphero akatha kuti awerenge zomwe zalowa m'mbale. Ndalemba poyera chifukwa ndikukhulupirira kuti asungichuma anzanga ambiri akusenza nkhawa imene ndili nayo pa ndalama za ntchito yolankhulira osauka.

Akhristu saumira ayi. Tikalengeza kuti denga la tchalitchi likudontha, ndalama zimapezeka. Tikamva kuti nyumba ya banja lina yapsa, ngakhale mayi wamasiye amabwera ndi kangachepe kake. Koma tsiku limene tanena kuti chopereka cha lero chikathandize ntchito yolankhulira osauka pamaso pa aboma, maenvulopu amabwera opepuka. Ena amandikokera pambali n'kufunsa kuti, "Kodi zimenezi si ndale?" Ena amati, "Nanga ndalamazo zikagula chiyani?"

Funso loyambalo silindivuta. Ndimawakumbutsa kuti mu 1517, pa mfundo ya nambala 43 mwa mfundo zake 95, Martin Luther anaphunzitsa kuti wopatsa wosauka kapena wobwereketsa wosowa amachita bwino kuposa wogula kalata ya chikhululukiro. Mu 1524 analembera makhansala a m'mizinda ya ku Germany kuti atsegule sukulu za anyamata ndi atsikana omwe. Bungwe la mipingo ya Lutheran padziko lonse limene mukulitsogolerali, pamsonkhano wake wa ku Dar es Salaam mu 1977, linanena kuti kukana tsankho la apartheid ndi nkhani ya chikhulupiriro chenicheni, ndipo ku Budapest mu 1984 linaimitsa umembala wa mipingo iwiri ya azungu ya kum'mwera kwa Africa. Palibe chipani chimene chinawatuma. Akamva zimenezi ambiri amagwedeza mutu.

Lachiwirilo ndiye limandisowetsa tulo. Denga munthu amaliona, amakhala pansi pake mvula ikamagwa. Koma lamulo lopondereza likabwezedwa kunyumba ya malamulo, kapena bajeti ya zipatala ikapanda kudulidwa chifukwa mpingo unalankhula nthawi yake, woperekayo aloza chiyani? Ndimaima kutsogolo ndilibe choti ndiwaonetse, ndipo sindiwaimba mlandu akakayika.

N'chifukwa chake maganizo anga amabwerera ku Leisnig. Mu 1523 Akhristu a m'tauni yaing'onoyo ku Saxony, m'dziko la Germany, anakhazikitsa bokosi la chuma cha onse, ndipo Luther analemba mawu oyamba a malamulo ake. M'bokosimo munkachokera malipiro a abusa ndi aphunzitsi, thandizo la ana amasiye, okalamba ndi odwala, ngakhalenso ngongole za amisiri osauka. Oyang'anira analipo 10, osankhidwa chaka ndi chaka: awiri a m'mabanja a eni malo, awiri a khonsolo, atatu anthu wamba a m'tauni, atatu alimi akumudzi. Bokosilo linali ndi maloko anayi osiyana, ndipo gulu lililonse linkasunga kiyi wake. Taganizani, Abusa, munthu wa dzina lalikulu atafika ndi kiyi wake m'manja, koma n'kumadikira mlimi kuti bokosi litseguke! Zoona, dongosololi linavuta kuyamba chifukwa khonsolo inakakamira chuma chimene inkayenera kupereka. Komabe anthu aja anazindikira chinthu chimene ife tachitaya: wosauka sankangotchulidwa m'pemphero, ankagwira nawo kiyi.

Lero ndalama zambiri zolankhulira osauka zimachokera kwa abwenzi akutali ndi mabungwe akuluakulu. Tikuwathokoza ndi mtima wonse, popeza popanda iwo ntchito yambiri ikanaima kalekale. Koma lipoti limatsata kumene ndalama zachokera. Limalembedwa m'chilankhulo cha wopereka wamkuluyo, pa fomu yake, pa nthawi yake, ndipo mayi wamasiye uja samva kanthu. Chinanso, abwenziwo akasintha zofuna zawo, mpingo umasiya nkhani ili pakati, pamene anthu amene unkawalankhulira akadali m'mavuto omwewo. Liwu lolipiridwa ndi chopereka cha eni ake lingakhale laling'ono, koma nduna singalinyoze kuti latumidwa ndi akunja.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mukamakumana ndi mabishopu ndi atsogoleri a mipingo yoposa 140 imene ili m'bungweli, alimbikitseni kuti thumba la ntchito imeneyi likhale lapadera, lisamasakanikirane ndi la mafuta a galimoto ndi la misonkhano. Mukomiti yosankha nkhani zoti mpingo ukalankhule mukhale anthu amene nkhanizo zikuwawotcha: othawa kwawo, alimi olandidwa minda, amayi ochitiridwa nkhanza, achinyamata osowa ntchito. Asamangoitanidwa kudzapereka umboni, akhale ndi voti. Bungwe lanu linabadwa ku Lund, m'dziko la Sweden, mu 1947, nthawi imene Akhristu ambiri a Lutheran anali othawa nkhondo iwo eni. Amene ankathandizidwa ndi amene ankatsogolera anali anthu a m'nyumba imodzi.

Ndipo lipoti litsike mpaka kwa ife. Sindikupempha buku. Tsamba limodzi pachaka likwana, m'chilankhulo chimene anthu amapempherera, lonena kuti tinalandira zakuti, tinakaonana ndi akutiakuti, apa tinamvedwa, apa anatitsekera chitseko. Zolepherazo musazibise. Anthu amene amapereka kuchokera m'kusowa kwawo amadziwa bwino kuti si mbewu zonse zimamera, chimene sapirira ndi kusadziwitsidwa.

Tsiku la chopereka chimenechi likubweranso, ndipo adzandiimikanso kutsogolo. Ndikulakalaka kudzaima ndili ndi tsamba limenelo m'manja, kuti wina akadzafunsa kuti ndalama zake zinakagwira ntchito yanji, ndidzamuwerengere.

Ine wanu mwa Khristu,
Msungichuma wa mpingo