Kwa eni situdiyo ya zithunzi imene ndinasiyako mafilimu anga muno mu Mzuzu

Bambo, ndakuimbirani kangapo, ndabwera pa kauntala panu kanayi kuchokera ku Luwinga. Poti simukuyankha, ndilembe pano pa Facebook kuti nawonso ena amve.

Mu Ogasiti ndinakusiyirani mafilimu atatu kuti mutsuke: awiri a zithunzi zamitundu a Kodak Gold 200 ndi imodzi ya zithunzi zakuda ndi zoyera ya Ilford Pan F Plus. Munati mumatumiza ku Lilongwe, ndidikire masabata awiri. Lisiti ndili nalo. Nditabwera mu Okutobala, envulopu yanga ndinaiona ndi maso angawa, ili pa shelefu ya pazenera, pamwamba pa makina a fotokope, dzuwa la masana likuiwomba. Mnyamata wanu anati, "Musadandaule amayi, filimu siwola."

Imawonongeka, bambo. Chithunzi chikajambulidwa chimakhala chobisika mu filimumo, timadontho tochepetsetsa ta siliva timene kuwala kwasiya, ndipo chimadikira mankhwala otsukira kuti chioneke. Kutentha ndi chinyezi zimafufuta timadonthoti pang'onopang'ono. A kampani ya Ilford, amene amapanga filimuyi, amanena okha kuti Pan F Plus itsukidwe pasanathe miyezi 3 chijambulireni. A Kodak amati Gold isungidwe pa madigiri 21 kapena kutsika apo, ndipo itsukidwe msanga ikajambulidwa. Inu munasunga miyezi 5, kudutsa kutentha konse kwa Okutobala mpaka mvula kugwa. Chinyezi cha kuno tonse tikuchidziwa, ngakhale nsapato zimachita nkhungu m'nyumba.

Zamitundu zija zabwera zotuwa, nkhope za anthu ngati ali mu utsi. Zimenezo ndingapirire. Koma pa Pan F paja panali agogo anga aakazi, atakhala pakhonde ku Ekwendeni akusenda nyemba, akuseka ndi ana anga. Anatisiya mu Novembala. Pa negetivi pangotsala mthunzi wa chitenje chawo, maso saoneka. Amayi anga amandifunsa sabata iliyonse kuti zithunzi zija zili kuti, ndipo mpaka lero ndikusowa poyambira.

Ndiye mukuti vuto ndi kamera yanga? Kamera yomweyo inajambula ubatizo wa mwana wanga mu Julaye, filimu inatsukidwa kwina sabata yomweyo, zonse zinatuluka bwino.

Ndibwezereni ndalama yanga yonse. Ndipo mafilimu a anthu ena amene ndinawaona pazenera paja achotseni lero. Firiji muli nayo, ija mumaikamo zakumwa. Muwaike m'kabokosi kotseka bwino, ndipo mukawatulutsa adikire kaye maola angapo musanatsegule, kuti asachite thukuta. Ngati simungathe kutumiza filimu m'masabata awiri, muuzeni munthu pomwepo apite nayo kwina.

Ndibweranso Lachisanu m'mawa ndi lisiti langa. Ndikufuna kulankhula ndi inuyo, osati mnyamata uja.