Zikomo a LSPCA chifukwa cha Gogo

Area 25,
Lilongwe.

Kwa akuluakulu ndi onse ogwira ntchito ku bungwe loteteza ndi kusamalira nyama ku Lilongwe la LSPCA,

Ndalemba kuti ndikudziwitseni kuti Gogo, galu amene munandipatsa mu 2021, sitili nayenso. Anansi anga akungoti "galu uja wafa", ndipo sakulakwa, koma ine pakamwa pakumatuluka mawu oti watisiya. Mayi a kunyumba amandiseka ndikatero, chonsecho iwo ndi amene mpaka lero akumapatula phala lake m'mawa, n'kukumbukira mbale ili kale m'manja.

Mwina simungamukumbukire msanga, poti agalu amene adutsa m'manja mwanu chiyambire 2008 ndi ambiri. Anali kagalu koyera kaubweya wambiri, ka mtundu uja anyamata a m'mbali mwa msewu amangoti Maltese kaya Spitz, malinga ndi nkhope ya wogula. Mabere ake anali olendewera, mano otsala anali owola, ndipo adokotala anu anati zaka zake zingakhale 9. Munandiuza kuti anachokera pakhomo pena pomwe ankamusunga m'kakhola ka waya ndi malata, ntchito yake kubereka ana ogulitsa basi. Atasiya kutenga bere anasanduka wongotha chakudya.

Ndiulule kaye mlandu wanga. Mu 2016 ndinagulapo kagalu pamsewu. Mnyamata anakanyamula m'mwamba dzuwa lili phwee, magalimoto atatsekana, mdzukulu wanga n'kuyamba kulira kuti akukafuna. Tinanenerera mtengo pawindo, ndinalipira, tinapita. Pasanathe sabata kanayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba zamagazi, n'kufa. Pambuyo pake ndinamva kuti matendawo ndi parvo, amene amagwira kwambiri tiana tosabayitsa katemera. Ndinadandaula ndalama zanga, ndinatukwana mnyamata uja mumtima, koma funso loti mayi wa kagaluka ali kuti silinandifikire n'komwe. Linandipeza patapita zaka zisanu, nditaima pa khola lanu, Gogo atandifulatira n'kuloza mphuno kukhoma.

Ine ndaphunzitsa masamu zaka 31, ndiye zinthu ndimazimva bwino zikakhala m'manambala. Galu wamkazi amafuna mphongo pafupifupi kawiri pachaka, ndipo bere lake limatenga masiku ngati 63. Mwini wadyera salola nyengo ngakhale imodzi kudutsa. Tiana tiyenera kukhala ndi make milungu 8, koma amatichotsa tisanakwanitse, chifukwa kakang'ono ndiko kamakopa maso pamsewu. Ndinawerengera kumbuyo kwa khadi lake la katemera: zaka 7, kawiri pachaka, ana anayi ulendo uliwonse. Ana oposa 50, ndipo palibe mmodzi yemwe anamuona akukula. Sindinganene kuti kagalu ndinagula kaja kanali kake, koma kanali ndi make wonga iye kwinakwake, ndipo ndalama yanga inathandiza kuti khola lakelo lisatsegulidwe.

Choyamba chimene ndikuthokozera n'chakuti simunandinamize. Ndinabwera kudzafuna galu wolondera. Mayi wina wa kwanuko anandifunsa za mpanda, za ana a pakhomo, za amene amakhala panyumba masana, kenako anati: "Bambo, uyu sadzakulonderani. Akufuna munthu wosathamanga." Ndinayankha kuti wopuma ntchito wa nyamakazi m'mawondo athamangiranji.

Milungu yoyamba inali yovuta. Gogo sankaudziwa udzu. Tikamuika pa kapinga ankatukula mapazi ngati waponda moto, n'kuthamangira pa simenti ya pakhonde. Bwalo lathu ndi lalikulu ndithu, koma iye ankangozungulira pamalo amodzi, masitepe atatu uku, atatu uko, muyezo wa khola limene linamutsalira m'mutu. Akaona tsache ankagona chafufumimba n'kumanjenjemera. Chakudya ankadya usiku tonse titagona. Ndipo sankauwa. Anzanga a pabawo anandiseka kokwana: galu wopanda mano, wosauwa, wodya phala la mgaiwa losakaniza ndi usipa wosinja, ameneyo ndi galu kapena mlendo? Wina anati kumudzi galu wotere akanamutcha Ndatayandalama. Adzukulu ndi amene anamutcha Gogo, poti iye ndi agogo awo aakazi ankawothera dzuwa limodzi.

Anauwa koyamba patatha miyezi 7, ndipo mawu ake anamudzidzimutsa yekha mpaka anathawira kunsi kwa mpando. Tsiku limenelo anakhalira kukanda chitseko cha kachipinda kosungiramo chimanga. Titatsegula tinapeza makoswe ataboola matumba awiri. Ndinapita pabawo madzulo ake n'kuwauza anzanga aja kuti akuluakulu sananame, galu wamkota sakandira pachabe.

Za chipatala chanu ndinganene zambiri. Munamuchita opaleshoni chiberekero chitadzaza mafinya, matenda amene adokotala anati amakonda agalu aakazi okalamba omwe sanatsekedwe. Munazula mano owola, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti kusadya kwake sikunali mantha okha, kunalinso ululu. Munandiphunzitsa kufinya mphutsi zija zimalowa pakhungu nthawi ya mvula, kuchotsa nkhupakupa osasiya mutu wake m'thupi, ndi kusaphonya katemera wa chiwewe. Mdzukulu wanga uja tsopano amadziwa kuti 28 September ndi tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, ndipo amakalipira anzake akamagenda agalu.

Mwana wanga wamkazi amene ali ku England atamva mbiri ya Gogo anandiuza kuti kumeneko kuli lamulo lotchedwa Lucy's Law, lomwe linayamba kugwira ntchito mu April 2020. Limaletsa kugulitsa kagalu kapena kamphaka kosakwana miyezi 6 kudzera mwa munthu wapakati. Ugule kwa mwini amene anabereketsa, apo ayi ukatenge kumalo osungira ziweto zopulumutsidwa. Dzinalo ndi la galu amene anapulumutsidwa pa famu yobereketsa agalu ku Wales mu 2013. Ndinadabwa kuti ngakhale kwa azungu khalidweli liliko. Kuno kwathu ndikuona kuti lamulo lokha silingakwanire, chifukwa mnyamata wa pamsewu uja nayenso akusaka ya ufa, ndipo adzaimabe pamenepo malinga ngati ife a m'magalimoto tikutsitsa mawindo. Pempho langa n'lakuti nkhani ya amayi a tiagaluti muziikamba kwambiri pawailesi, m'Chichewa, kuti ifike kwa ogula onga ine.

Chaka chino zotupa zimene Gogo anali nazo m'mabere zinakula, kenako anayamba kupuma movutika. Adokotala anandiuza mosabisa kuti zafika m'mapapo ndipo mankhwala angochepetsa ululu. Zoti galu n'kumubaya jakisoni woti agone osadzukanso zinandivuta kuzivomera. Kwathu chiweto chimafa chokha, kapena chimangosowa kuthengo. Simunandikakamize. Munandipatsa masiku oti ndiganize, ndipo m'mawa wina wozizira wa mwezi wa June nditamuona akulephera kufika pambale ya madzi, ndinabwera naye. Munandilola kumufungata mpaka mapeto. Mnyamata amene ankathandiza adokotala anandibweretsera mpando ndi madzi akumwa, osanena kanthu, ndipo sanandiyang'ane modabwa poona bambo wa imvi akulirira galu. Mundithokozere mnyamata ameneyo.

Tinamuika pansi pa mtengo wa mapeyala, pa kapinga yemwe ankamuopa uja. M'chaka chake chomaliza ndi pamalo pomwepo pamene ankakonda kugona, miyendo ili m'mwamba.

Loweruka likudzali ndibwera ndi thumba la chakudya chimene chinatsala, mabulangete ake awiri ochapa bwino, ndi kangachepe kothandizira katemera. Mayi a kunyumba akuti sakufunanso galu, mtima wawo sungapirire kawiri. Komabe dzulo anandifunsa ngati kumeneko kuli wina wokalamba amene anthu akumulambalala. Ngati alipo, musamupereke kaye tisanamuone.

Ine wanu wothokoza,
Mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Area 25