Za kapulasitiki ukuvala m'kamwako

Mwana wanga,

Mng'ono wako wandiuza zonse, ndipo usamukalipire, ndinachita kumukakamiza ndine. Akuti papita miyezi inayi ukumadzuka nsagwada zili gwa, mutu ukuwawa cham'mbali mwa makutumu, ndiye m'malo mopita kwa dokotala wa mano unaitanitsa pa intaneti kapulasitiki koteteza mano pokukuta kutulo, kaja koviika m'madzi otentha n'kukaluma. Akuti kakungophimba mano akutsogolo okha, ndipo ukumakavala usiku ndi usana womwe. Usana womwe, mwana iwe! Chimvereni zimenezi tulo sindikutiona. Pa foni umangoti muli bwino, muli bwino. Ndine mayi wako ine, suyenera kundibisira matenda.

Ukudziwa kuti ine ndinadutsa momwemo. Bambo ako ankandigwedeza pakati pa usiku, amvekere, "Mayi, mano atha awo." Ine osadziwa chilichonse, kungodzuka m'mawa tsaya likupweteka ngati ndamenyedwa. Iwenso uli kamtsikana unkakukuta mano kutulo, makamaka mayeso akayandikira. Ndinkaima pakhomo la chipinda chanu n'kumamvetsera, kukutukukutu, mpaka mtima kundiwawa. Ndinkati zidzatha ukadzakula.

Taika zala patsaya, chakumunsi kwa khutu, ulumanitse mano. Chikutukumukacho ndi mnofu wotsekera nsagwada. Wina uli m'mbali mwa mutu, pamwamba pa khutu, n'chifukwa chake ululuwo umakwera kumutu n'kumaoneka ngati litsipa. Dokotala amene anandithandiza anandiuza kuti mano akumwamba ndi akumunsi amayenera kukumana potafuna ndi pomeza pokha, mphindi ngati 20 tsiku lonse. Nthawi yotsalayo amayenera kukhala otalikirana pang'ono, minofu ikupuma. Nanga iwe ukuigwiritsa ntchito usiku wonse, masana n'kuipatsanso pulasitiki yoti iziluma, isatope bwanji?

Chovala m'mano changa chija ukuchikumbukira, chinkakhala m'kabokosi kobiriwira pafupi ndi bedi, chija munkandiseka nacho kuti ndikuyankhula ngati mwana. Madokotala amachitcha splint, ndipo mtundu wake anati ndi wa Michigan, poti unachokera ku yunivesite ya Michigan ku America. Sichinali chongogula ayi. Anayamba andidinda mano ndi zinthu zofewa ngati dongo, n'kuumba chogwirizana ndi m'kamwa mwanga ndekha. Chinali cholimba, choonekera mkati, chophimba mano onse akumwamba mpaka lomalizira lakumbuyo. Ndinabwererako katatu. Ulendo uliwonse ankandilumitsa kapepala kopyapyala kosiya utoto, akaona pamene padinda kwambiri n'kupala pulasitikiyo pang'ono, mpaka mano onse akumunsi azigunda mofanana. Ndipo anandilamula kuti ndizivala usiku wokha.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi: mano amasuntha. Ukaphimba ena n'kusiya ena kwa nthawi yaitali, osaphimbidwawo amatha kutalika pang'onopang'ono posowa anzawo ogundana nawo. Tsiku lina udzavula kapulasitikiko n'kupeza akumbuyo akukumana, akutsogolo ayi, pakati pali mpata, sungathe n'kudula ulusi ndi mano. Zikafika pamenepo kawirikawiri sizibwerera zokha, pamafunika mawaya a m'mano kwa nthawi yaitali. Komanso tofewa timeneti ena timawachititsa kutafuna kutulo ngati chingamu, ululu n'kuwonjezeka. Unali ndi mano okongola chibadwire, ondondozana bwino ngati a agogo ako. Usawawononge chifukwa chothawa mzere wa kuchipatala.

Ndamvanso kuti mnzako uja akukuuza kuti ukapalitse mano kuti azilumana bwino, ati ululu utheratu. Iyeyo anaphunzira liti za mano? Ukane. Pulasitiki ikalakwika amaitaya n'kuumba ina, koma dzino likapalidwa silimeranso. Ngakhale atanena ndi dokotala pa ulendo woyamba, umuuze kuti ukufuna kuyamba ndi njira zosawononga kanthu, ndipo ukafunsenso kwa wina. Mnzako ameneyo sindinayambe ndamukhulupirirapo, ukudziwa.

Sindikunamiza kuti splint ndi mankhwala a zonse. Siiletsa munthu kukukuta, imangoteteza mano kuti asathe kapena kusweka. Pa za ululu, ena imawathandiza, ena saona kusintha kwenikweni. Ine inandipeputsira m'mawa, koma chimene chinandithandiza kwambiri ndi zamasana. Ndinamata kapepala pagalasi ndi pa tebulo langa, nditalembapo kuti "milomo pamodzi, mano ayi". Ndikakaona ndinkadzipeza ndaluma nsagwada osadziwa, ndiye ndinkamasula, lilime n'kuligoneka kumwamba kuseri kwa mano akutsogolo. Madzulo kansalu koviika m'madzi ofunda patsaya kwa mphindi 15, kenako kusisita pang'onopang'ono ndi zala. Chingamu ndinasiyiratu. Iwe uli ndi chizolowezi chija choluma cholembera ndi zikhadabo, ndinakuletsa kuyambira kalekale. Siya. Poyasamula uzichirikiza chibwano ndi dzanja, ndipo masiku amene zavuta uzidya zofewa.

Za mapiritsi nazonso. Ibuprofen ndi wa masiku ochepa, osati miyezi. Ukamamwa tsiku ndi tsiku amakupweteka m'mimba ndi impso. Khofi wa madzulo, fodya ndi mowa zimawonjezera kukukuta kutulo, ndiye ngati ukumamwako kagalasi kuti tulo tibwere, dziwa kuti nsagwada zako ndizo zikulipira. Sindikukuweruza, ndikungonena.

Ukapita kwa dokotala utenge kapulasitikiko akakaone, usachite manyazi. Umuuze zonse: ngati nsagwada imalira potsegula pakamwa, ngati inayamba yakanirirapo osatseka kapena osatseguka, ngati zala zitatu zoimika zikulephera kulowa pakati pa mano. Ufunsenso mwamuna wako ngati umaliza mkonono kapena kubanika kutulo, chifukwa zimenezo dokotala ayenera kuzidziwa asanakuumbire chilichonse. Akakupatsa chenicheni, uzichitsuka ndi mswachi wofewa ndi madzi ozizira. Otentha amachipinda. Ndipo uzichisunga m'kabokosi kake, changa choyamba chinatafunidwa ndi galu uja nditachisiya pampando.

Koma mwana wanga, nsagwada sizilumana pachabe. Ine zinandigwira chaka chija bambo ako anali pa ulova, ndikumwetulira masana kuti inu musadziwe, usiku mano n'kumalira. Iwe unatengera ine, umameza zinthu osanena. Kodi ndi kuntchito? Ndi kunyumba? Ndi ngongole? Sindikufuna kulowerera za m'banja mwako, koma khutu ndili nalo, ndipo sindidzauza munthu.

Kapulasitiki ako ukavule lero lomwe, usadikire mawa. Ulumanitse mano patsogolo pa galasi, ujambule, unditumizire ndione ngati akutsogolo akukumanabe. Loweruka ndikuimbira, ndipo ndikufuna udzandiuze tsiku limene dokotala wakupatsa. Ngati ukuopa kupita wekha, nena, ndibwera ndidzakuperekeze.

Ndine,
Mayi wako