Ana a asilikali tiziwalowetsa skauti

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yanuyi. Ine ndine mkazi wa msilikali ndiye moyo wathu mukuudziwa, lero tili kampu ino mawa transifa, mwana asanazolowere n'komwe anzake ife takweza kale makatoni pa lole. Mnyamata wanga anafika pomangokhala duu osayankhula, makamaka bambo ake atapita kokasungitsa mtendere kunja miyezi yambirimbiri.

Chinamuthandiza ndi skauti. Kulikonse tafika amapezako gulu, lonjezo lake lomwelo, sawatcha ya zala zitatu yomweyo, moni wa dzanja lamanzere womwewo, basi tsiku lomwelo wapeza anzake. Pano tenti amadzutsa yekha, mfundo za chingwe akuphunzitsa ine mayi ake kkk. Nzosadabwitsanso, woyambitsa wake Robert Baden-Powell anali msilikali wa ku Britain, kampu yoyamba anachititsa pa chilumba cha Brownsea mu 1907 ndi anyamata pafupifupi 20 okha.

Koma chondiwawa ndi ichi. Pa 11 Novembala timakumbukira tsiku lomwe mfuti za nkhondo yoyamba ya padziko lonse zinaleka kulira mu 1918, timakhala chete mphindi ziwiri, kuika nkhata, kenako aliyense kwawo. Agogo ovala mamendulo aja tidzawaonanso chaka chamawa. Bwanji maskauti osamawayendera, kuwasesera pakhomo, n'kukhala pansi kumva nkhani zawo? Wanga anakapukuta mamendulo a agogo ena, atabwera anatifotokozera mpaka pakati pa usiku, ine tulo tili m'maso.

Mayi wa skauti