Zilolezo za pa cloud zizilembedwa, zisamaperekedwe pakamwa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi eni makampani, akuluakulu a mabungwe komanso anzanga ogwira ntchito za makompyuta mumzinda uno wa Blantyre, amene ambiri a iwo akusamutsira ntchito zawo ku cloud, makina akuluakulu a Amazon, Microsoft ndi Google amene timachita lendi kudzera pa intaneti. Kusamukaku n'komveka, pakuti makinawo anafika pafupi pamene Microsoft inatsegula malo ake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020 ndipo Google ku Johannesburg mu 2024, komanso munthu amene watopa ndi kuthimathima kwa magetsi saona chifukwa chosungira seva, kompyuta yaikulu yosunga zinthu za kampani, mu ofesi. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi momwe tikugawira mphamvu zolowera m'makinamo.

M'maofesi ambiri zimayenda motere. Munthu akalembedwa ntchito, bwana amakumana ndi mkulu wa makompyuta pakhonde n'kumuuza kuti amutsegulire mnyamatayo zonse ayambe ntchito lero lomwe. Mkuluyo amalowa pa tsamba la zilolezo n'kudina. Pa Google Cloud pali maudindo atatu akuluakulu, Viewer wongoona, Editor wosintha zinthu ndi Owner amene angathenso kupatsa kapena kulanda ena mphamvu, ndipo ngakhale kuti a Google amachenjeza kuti maudindo amenewa asamagwiritsidwe ntchito pa makina osunga zinthu zenizeni za kampani, ndi amene amasankhidwa chifukwa kufufuza udindo wochepa woyenera munthuyo kumafuna nthawi. Kampani ina ya ku Limbe itandiitana kuti ndikaunike makina ake, ndinapeza pa mndandanda wa ma Owner adiresi ya Gmail ya katswiri wina amene kontirakiti yake inatha kalekale. Akanafuna, akanatha kuwerenga malipiro a antchito onse kapena kufufuta kaundula wa makasitomala ali kunyumba kwake. Sindikunena kuti anali ndi mtima woipa, koma mu ofesi monsemo panalibe amene anakumbukira amene anamupatsa udindowo, ngakhale chifukwa chake.

Njira yabwino ilipo ndipo si yachilendo. Zilolezo zonse zimalembedwa mu fayilo ya code, malangizo amene kompyuta imawerenga n'kutsatira, pogwiritsa ntchito zida monga Terraform, imene kampani ya HashiCorp inatulutsa mu 2014, kapena OpenTofu imene inaphukira pa Terraform mu 2023, kapenanso CloudFormation kwa amene ali pa Amazon. Mu fayiloyo mumalembedwa momveka kuti gulu la owerengera ndalama lizingowerenga malipoti, pulogalamu yotumiza mauthenga kwa makasitomala izingoona manambala a foni basi, ndipo mphamvu zofufuta zikhale ndi anthu awiri otchulidwa. Fayiloyo imasungidwa mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya mafayilo, momwe kusintha kulikonse kumasiya dzina la wosintha, tsiku ndi chifukwa chake. Wofuna kuwonjezera chilolezo amalemba pempho, mnzake amaliwerenga, lamulo la terraform plan limaonetsa zimene ziwonjezeredwe ndi zimene zichotsedwe chilichonse chisanachitike, ndipo akavomereza m'pamene terraform apply, imene imaika kusinthako pa makina, imagwira ntchito. Mipingo ndi mabungwe ambiri kuno salola kuti cheke chituluke ndi siginecha imodzi, nanga bwanji tikulola munthu mmodzi kugawa yekha mphamvu pa makina amene akusunga chuma chonse cha kampani? Munthu akasiya ntchito, kumuchotsa kumangofuna kufufuta mzere umodzi, ndipo wofufuza mabuku akabwera kumapeto kwa chaka amawerenga mbiri yonse osadalira zimene wina akukumbukira.

Amalawife sitifunika kuphunzitsidwa kuopsa kwa nkhaniyi. Ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti mu 2013, pa nthawi ya Cashgate, ndalama za boma zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo njira imodzi inali yolowetsa malipiro m'makina oyendetsera ndalama za boma a IFMIS, kutulutsa macheke, kenako n'kufufuta umboni wake. Makina amenewo sanali pa cloud, koma funso linali lomweli la amene ali ndi mphamvu zolowetsa ndi zofufuta. Kunja nakonso, mu 2019 banki ya Capital One ya ku America inaberedwa mbiri ya anthu oposa 100 miliyoni kuchokera pa makina ake a pa Amazon, mwa zina chifukwa udindo umene wakubayo anaugwira unali ndi zilolezo zoposa zimene unkafunikira, ndipo mu 2020 bankiyo inalipitsidwa chindapusa cha madola 80 miliyoni.

Komabe anzanga a ntchitoyi asaganize kuti kungolemba code ndiye kuti zonse zatheka. Pa Terraform ya Google Cloud pali kusiyana kwakukulu pakati pa google_project_iam_member, imene imangowonjezera munthu mmodzi pa udindo, ndi google_project_iam_policy, imene imachotsa zilolezo zonse zimene sizinalembedwe mu fayilo, moti wosasamala akhoza kudzitsekera kunja iye mwini pamodzi ndi bwana wake. Chinanso n'chakuti ngati anthu apitiriza kusintha zilolezo pamanja pakagwa zadzidzidzi usiku, fayilo imayamba kunena zina pamene makina akuchita zina, choncho kusintha kotere kuyenera kulembedwa mu fayilo m'mawa mwake. Akaunti imene imayendetsa code nayo ili ndi mphamvu zoposa za wina aliyense, ndipo iyenera kutetezedwa koposa, monganso fayilo ya state, momwe Terraform imalemba zonse zimene yakonza, imene nthawi zina imasunga mapasiwedi osabisa. Makiyi achinsinsi asalembedwe mu code ngakhale pang'ono, chifukwa akangofika poyera pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo code, akuba amawatola mwamsanga n'kuyatsa makina okumba ndalama za crypto pa akaunti yanu, ndipo bilu yake imabwera m'madola, omwe tonse tikudziwa momwe akusowera m'mabanki mwathu.

Lamulo la Data Protection Act la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, likufuna kuti aliyense wosunga mbiri ya anthu aiteteze moyenera, ndipo kampani imene singathe kunena amene amaona manambala a zitupa za makasitomala ake idzavutika kudziteteza zinthu zikadzalakwika. Ndikupempha mabodi a makampani kuti pa msonkhano wawo wotsatira aitanitse mndandanda wa onse amene ali ndi mphamvu pa cloud, aufananitse ndi mndandanda wa olandira malipiro, ndipo afunse ngati zilolezozo zinalembedwa penapake. Ndikupemphanso aphunzitsi a ku MUBAS ndi masukulu ena a ukachenjede kuti ophunzira azipatsidwa ntchito yolemba zilolezo mu Terraform ndi kuunikirana mapempho asanapite kokaphunzira ntchito m'makampani.

Wowerenga wanu,
Chichiri, Blantyre