Kalata ya abusa: tisadule kaye mlongoti wa khonje

Okondedwa abale ndi alongo mwa Khristu,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse, a kuno ku Chilobwe, a ku Zingwangwa, ndi inu amene ntchito inakutengerani ku Johannesburg koma mtima ukadali kwathu kuno.

Ambiri mwaona kuti khonje mmodzi wa kumpanda, kuseri kwa tchalitchi, watulutsa mlongoti wautali pakati pake. Akulu a mpingo ena anapempha kuti udulidwe, poopa kuti ungagwere ana a Sande sukulu mphepo ikakula. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo titchinga malowo. Koma ine ndapempha kuti tiusiye kaye.

Khonje tinamuzolowera ngati wathu, komatu kwawo ndi ku Mexico. Ndi mmodzi mwa zomera za mtundu wa agave, zimene zambiri zimamera m'zipululu za dzikolo ndi kumwera chakumadzulo kwa America. Mu 1893 Mjeremani wina, Richard Hindorf, anaitanitsa mbande za khonje kuchokera ku Florida, ndipo zimene zinafika zamoyo ku Tanganyika zinali 62 zokha. Minda ikuluikulu ya khonje ya ku Tanzania inayambira pamenepo.

Mulungu anachipanga modabwitsa chomera chimenechi. Masana dzuwa likuswa mtengo, chimatseka timabowo ta pamasamba ake kuti madzi asathawe. Usiku kukazizira m'pamene chimatsegula n'kutenga mpweya wopangira chakudya. N'chifukwa chake chimakula pang'onopang'ono, chaka ndi chaka chikungosunga madzi m'masamba ndi shuga m'tsinde lake. Khonje wathuyu amatero zaka 7 mpaka 10. Mbale wake wamkulu, Agave americana, amatha zaka 10 mpaka 30 asanaonetse duwa ndi limodzi lomwe. Munthu wodutsa amangoona minga basi.

Nthawi ikakwana, chuma chonse chosungidwa chija chimatuluka kamodzin'kamodzi. Mlongoti umakwera masentimita angapo tsiku lililonse mpaka kupitirira denga la nyumba, n'kuchita nthambi za maluwa achikasu mobiriwira. Ku Mexico mileme imabwera usiku kudzamwa timadzi ta maluwa a agave, n'kumanyamula mungu kupita nawo kwa ena. Pitani mukaone wathuyu chapafupi: masamba a m'munsi, amene anali onenepa, ayamba kukwinyika ndi kugona pansi. Khonjeyu akudzikhuthula, ndipo sadzachitanso maluwa kachiwiri. Akatha apa, afa.

Koma yang'anani pansi pake. Pali ana amene anaphuka kuchokera kumizu kalekale, monga ichitira nthochi, ndipo ena afika kale m'mawondo. Kumwambako nako, maluwa akayoyoka, panthambi pamamera tiana ting'onoting'ono mazanamazana, tokhala ndi masamba kale, timene timagwa pansi n'kugwira dothi. Tikadula mlongoti lero, tiana timeneti sitidzationa.

Alimi a ku Jalisco ku Mexico, amene amalima agave wopangira mowa wa tequila, amaudula dala mlongotiwo ukangotuluka, kuti shuga yense atsalire m'tsinde. Chomeracho chimanenepa ndithu, koma chimakololedwa chisanapatse mileme chakudya, chisanabale mbewu. Izi zimandikhudza ndikaganiza za mpingo wathu. Tili ndi abambo ndi amayi amene Ambuye awasungitsa zambiri kwa zaka makumi: kudziwa Malemba, kuyanjanitsa banja limene latsala pang'ono kutha, kuyendetsa mwambo wa maliro mwaulemu, kusunga ndalama za mpingo popanda ndi tambala yomwe kusowa. Koma achinyamata athu ambiri amangokhala kumbuyo, kuimba kwaya n'kumapita. Tikawafunsa amati, "Sanatiuze kuti tithandize." Akuluakulu nawo amati, "Ana a masiku ano safunsa." Pakati pa mawu awiriwa nzeru zikupita kumanda, ndipo maliro aliwonse a mkulu amatisiya tikufunsana kuti kodi uja ankachita bwanji.

Ambuye Yesu anati mbewu ya tirigu ikapanda kugwa m'nthaka ndi kufa imakhala yokha, koma ikafa imabala zipatso zambiri (Yohane 12:24). Paulo naye anauza Timoteo kuti zimene anamva azipereke kwa anthu okhulupirika, amene adzathe kuphunzitsanso ena (2 Timoteo 2:2). Agogo anga, amayi ndi abambo anga, sindikuti mutule pansi maudindo. Ndikuti mwana aime pambali panu mukadali ndi mphamvu, alakwitse inu mukuona, mumukonze ndi chikondi. Ndikudziwa kuti n'zowawa kuona wina akuchita mwa njira ina ntchito imene mwaigwira moyo wanu wonse. Inenso mawuwa akundikhudza, pakuti guwa si langa.

Tsono ndikupempha izi. Mkulu wa mpingo aliyense, ndi mayi aliyense wa udindo m'chigwirizano, asankhe wachinyamata mmodzi woti aziyenda naye kumiliyano, kwa odwala ndi kumisonkhano, ndipo atipatse dzina lake mwezi uno usanathe. Achinyamata, tiana ta khonje tikayamba kugwa, mutitole n'kutiika panazale, kuti tikakula pang'ono tidzatiwoke m'malire a kumtunda kumene madzi akukumba ngalande. Khonje sangaimitse phiri. Ife amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita pa Soche mu Marichi 2023 tikudziwa zimenezo. Koma dothi la m'malire amaligwira. Agogo amene amadziwa kupala khonje ndi kupota chingwe avomera kukuphunzitsani Loweruka tikatha kusesa. Mubwere ndi malaya a manja aatali, chifukwa madzi ake amayabwa.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mbusa wanu,
Blantyre